Kodi wapolisi wabwino angapezeke m'boma loipa?

Amene mumayenda pansi m'tauni muno mukuwadziwa anyamata aja oyala mabuku akale m'khonde mwa sitolo, pafupi ndi ogulitsa machaja a foni ndi malamba. Mabuku ake amangosakanikirana: apa la masamu a Fomu 2, apo la kaphikidwe ka makeke, uko la James Hadley Chase lopanda chikuto. Pa mulu ngati umenewu ndi pomwe ndidatola buku lina la Chingerezi, mapepala ake atafiira ndi ukalamba, mutu wake The Steam Pig, mlembi wake James McClure.

"Achimwene, limenelo ndi la ulimi wa nkhumba," adatero mnyamata wogulitsayo ataona ndikulitembenuza. "Tengani basi, ndikuchotserani pang'ono."

Ndidalitenga. Za ulimi sindidazipezemo. Ndidapezamo mtembo wa mtsikana, sipoko ya njinga, ndi apolisi awiri ofufuza milandu, wina mzungu wina wakuda, m'dziko la South Africa nthawi ya ulamuliro wa tsankho. Ndidaliwerenga usiku uwiri, ndipo chilimalizireni pali funso limene likundisowetsa mtendere: kodi nkoyenera kumukonda wapolisi wodziwa ntchito yake pamene boma limene akulitumikira ndi lowola? Lero ndati tiunikire limodzi pamene bukuli lidakhoza ndi pamene lidapunthwa, chifukwa zonse ziwiri zilimo.

Tiyambe ndi mwini wake. McClure adabadwira ku Johannesburg mu 1939 koma adakulira ku Pietermaritzburg, m'chigawo cha Natal. Adagwirapo ntchito yojambula zithunzi, ya uphunzitsi, kenaka ya utolankhani, ndipo nkhani zambiri zomwe ankatola zidali za kupolisi ndi kukhoti. Mu 1965 adasamukira ku Britain, komwe adapitiriza utolankhani mpaka kudzakhala mkonzi wa nyuzipepala ku Oxford. Adamwalira mu 2006. The Steam Pig lidali buku lake loyamba. Lidatuluka mu 1971 ndipo lidapata mphotho ya Gold Dagger, yomwe bungwe la Crime Writers' Association la ku Britain limapereka ku buku la nkhani ya umbanda lomwe laposa anzake m'chakacho. Pambuyo pake adalembanso ena 7 a apolisi awiri omwewa, lomaliza The Song Dog mu 1991.

Nkhani yake ikuchitikira mu mzinda wopeka wotchedwa Trekkersburg, womwe aliyense wodziwa Natal amangoona kuti ndi Pietermaritzburg wovala dzina lina. Mtsikana wina wophunzitsa nyimbo, Theresa le Roux, wapezeka atafa m'nyumba mwake. Aliyense akuti ndi mtima, ndipo mtembo ukuyembekeza kukawotchedwa. Koma kwa wokonza maliro kwachitika chisokonezo: mitembo iwiri yasinthanitsidwa. Wina wapita kumoto, wa Theresa wakafika pa tebulo la dokotala wa boma, Strydom, amene sadayenere nkuwuona komwe. Dokotalayo akupeza kabala kakang'ono kunkhwapa. Munthu wina adalowetsa sipoko ya njinga yosongola mpaka kukalasa mtsempha waukulu wa kumtima.

Apa ndiye pagona nkhani. Sipoko, monga mwa bukuli, chidali chida cha zigawenga za kumalokeshoni a anthu akuda. Nanga yafika bwanji m'thupi la mtsikana wachizungu wokhala kudera la azungu okhaokha? Mlanduwu ukuperekedwa kwa Lefutenanti Tromp Kramer, mzungu wa mtundu uja agogo athu ankautchula kuti Mabunu, ndi womuthandiza wake Sajeni Mickey Zondi, Mzulu.

Choyamba chimene ndikuyamikira ndi chiyambi chimenechi. Mabuku ambiri a mtundu uwu amayamba ndi kukuwa, magazi ndi mfuti. McClure wayamba ndi munthu wa bizinesi yemwe walakwitsa ntchito ndipo akuopa mkazi wake kuposa momwe akuopera maliro. Umaseka, kenaka kuseka kuja kumakuthera pakamwa ukazindikira kuti pakadapanda kulakwitsako, wakupha uja akadapita osadziwika mpaka kalekale. Chilungamo chabwera mwangozi. Inu amene mudataya mbale wanu, chipatala nkungolemba kuti "wamwalira mwadzidzidzi" popanda wounika mtembo, mukudziwa kulemera kwa mfundo imeneyi.

Chachiwiri ndi apolisi awiri aja. Ngati bukuli likukumbukiridwa patatha zaka zoposa 50, chifukwa chake ndi iwowa. Pagulu, Kramer ndi bwana ndipo Zondi ndi "mnyamata" wake. Kramer amamukalipira, amamutchula dzina lachipongwe lija azungu a kumeneko ankatukwanira anthu akuda, ndipo Zondi amangovomera modzichepetsa. Akalowa m'galimoto awiriwiri zinthu zimasintha. Amagawana chakudya ndi fodya, amanyogodolana, ndipo Kramer amamvera maganizo a Zondi kuposa a mzungu mnzake aliyense wa paofesi. Ubwenzi wawo amaubisa ngati katundu wozembetsa pachipata, chifukwa ukadziwika onse awiri zawo zada.

Komanso pa ntchito yeniyeni ya kafukufuku, awiriwa ali ngati lumo: mpeni umodzi pawokha sudula. Kramer amalowa pakhomo lakumaso nkukafunsa madona ndi mabwana. Zondi amazungulira kuseri, nkukakhala pansi ndi wophika, wa m'dimba ndi wochapa. Azungu a m'bukuli amalankhula zinsinsi zawo pamaso pa antchito awo ngati kuti akulankhula pamaso pa mpando. Sadziwa kuti mpandowo uli ndi makutu. Choncho nthawi zambiri chimene Kramer wachisowa pabalaza, Zondi amachipeza kukhitchini. Pamenepa McClure waonetsa poyera kupusa kwa tsankho popanda kulalikira: boma lomwe limati munthu wakuda ndi mwana silikadatha kugwira ngakhale wakuba nkhuku popanda nzeru za munthu wakudayo.

Chachitatu ndi chimene ndikuchiona chachikulu koposa, ndipo amene simukufuna kulawiratu ndiwo zisanapse mundikhululukire, ndiulula pang'ono. Pofufuza, apolisiwa akupeza kuti mtsikana uja sadali amene anthu ankamuganizira. Ngakhale maso ake adali obisika kuseri kwa timagalasi tovala m'diso tosintha mtundu. Banja lake lidali la azungu mpaka tsiku lomwe boma lidalilemba m'kaundula wa makaladi. Iye adakana, nasintha dzina, nayamba moyo wobisala pakati pa azungu. Munthu wobisala chotere sangathamangire kupolisi akaopsezedwa. Aliyense wodziwa chinsinsi chake amugwira pakhosi.

Izi McClure sadazitole m'mutu mwake. Lamulo la Population Registration Act la 1950 linkalamula kuti munthu aliyense alembedwe mtundu wake, ndipo mtunduwo ndi umene unkanena komwe ugone, sukulu yomwe upite, ntchito yomwe ugwire ndi munthu yemwe ukwatirane naye. Lamulo la Group Areas Act la chaka chomwecho lidagawa malo okhala. Lina la 1949 lidaletsa ukwati pakati pa mzungu ndi yemwe si mzungu, ndipo Immorality Act inkamanga anthu otere akagonana. Padali akuluakulu a boma olandira malipiro chifukwa choyang'ana tsitsi, mphuno ndi khungu la munthu. Nkhani ya Sandra Laing njodziwika: adabadwa mu 1955 ku Piet Retief kwa makolo achizungu, koma mu 1966 adachotsedwa pasukulu ya azungu ndipo boma lidamulemba kuti ndi mkaladi chifukwa cha khungu ndi tsitsi lake. Malamulo oletsa ukwati ndi kugonana aja adathetsedwa mu 1985, la kaundula wa mitundu mu 1991.

Ndiye mukamaliza bukuli mumaona kuti amene adagwira sipoko ndi munthu, inde, koma amene adamukankhira mtsikanayo pakona pomwe sipoko idamupeza ndi lamulo la boma. Kramer angathe kumanga munthu. Lamulo sangalimange, ndipo mawa m'mawa adzadzuka kukaliteteza. Buku la kafukufuku limene likukusiya ndi maganizo otere lachita zoposa kukusangalatsa.

Kwa ife kuno nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Chaka chomwe bukuli lidatuluka, mu Ogasiti 1971, Dr Kamuzu Banda adakacheza ku South Africa ngati mlendo wa boma la John Vorster, pamene atsogoleri ena a mu Africa ankakana ngakhale kugwirana chanza ndi boma limenelo. Zaka zomwezo Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumeneko kudzera ku Wenela, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu Epulo 1974, yomwe idapha Amalawi oposa 70, idachititsa boma kuimitsa ulendowo. Agogo anga aamuna adali m'gulu la opita ku Joni. Adabwerako ndi njinga, wailesi ndi jekete, koma za chitupa cha pasi ndi za apolisi sankakonda kukamba. Powerenga za antchito a kuseri kwa nyumba aja, ndimaona ngati ndikusuzumira m'zaka zimene agogo adazitsekera m'sutikesi.

Tsopano tiyeni ku zofooka, pakuti mnzako weniweni ndi amene amakuuza kuti m'mphuno muli kanthu.

Chofooka choyamba ndi kayalidwe ka nkhani. Theka loyamba limayenda bwino ngati basi ya m'mawa. Kenaka anthu amachuluka: zigawenga, akazitape a apolisi, wamalonda wachimwenye, achibale a malemu, akuluakulu olemekezeka a mumzinda. Wina asanakhazikike m'mutu mwako, wafa kale kapena wasowa. Ine ndidabwerera m'mbuyo kangapo kukafufuza kuti uyu ndi uti. Kumapeto zinthu zimathamanga ngati minibasi yothawa apolisi a pamsewu, ndipo mfundo zina zimamangidwa mwachangu moti sumva kukoma kuja umamva ukazindikira kuti yankho lidali pamaso pako nthawi yonseyi. Mwambo wa nkhani za kafukufuku ndi wakuti mlembi amwaze zizindikiro zokwanira kuti wowerenga wochenjera athe kupikisana ndi wapolisi. Agatha Christie adali katswiri pa zimenezi. Apa McClure sadafikepo. Ngakhale tanthauzo la mutu wa bukuli limabwera kumapeto kwenikweni, ngati chenji chomwe wogulitsa wakumbukira iwe utafika kale pakhomo.

Onjezani apo kuti nkhani yonse yatsamira pa ngozi. Ndayamikira kusinthanitsidwa kwa mitembo kuja, ndipo sindikubweza mawu. Koma mlembi akagwiritsa ntchito mwayi kamodzi timamukhululukira, akabwereza timayamba kumukayikira. M'bukuli muli malo ena pomwe Kramer akuthandizidwa ndi mwayi kuposa nzeru.

Chofooka chachiwiri chimandiwawa kwambiri: Zondi timamuonera pawindo. Timadziwa kuti ndi wanzeru, kuti adaphunzira kusukulu ya mishoni ndipo saiwala chomwe waona kapena kumva, kuti amakonda kutchena. Koma mumtima mwake sitilowamo mokwanira. Kodi amamva bwanji akamanga munthu wakuda mnzake m'dzina la boma lomwe iye mwini silimulola kuvota? Anansi ake kulokeshoni amamupatsa moni wotani? Akagona usiku, chipongwe chija amachiseka masana chimamubwerera? Awa ndiwo mafunso omwe ine, munthu wakuda, ndidali nawo, ndipo bukuli lidangowadutsa. Za Kramer timadziwa zambiri, mpaka za chibwenzi chake ndi mayi wamasiye Fourie. M'mabuku otsatira McClure adayesako kutitengera kunyumba kwa Zondi ndi mkazi wake Miriam, koma m'loyambali sajeniyu ndi mthunzi wa bwana wake, ngakhale uli mthunzi wochenjera kuposa mwini.

Ena anganene kuti mzungu wa nthawi imeneyo sakadatha kulemba za mumtima mwa Mzulu popanda kunama, ndiye bola adadziletsa. Mwina. Koma zaka 6 m'mbuyo mwake, mu 1965, John Ball wa ku America adali atalemba kale In the Heat of the Night, momwe wapolisi wakuda Virgil Tibbs ndiye mwini nkhani pakati pa azungu atsankho. Njira idalipo. Anthu ena akuda a m'buku la McClure ndiye zawo nzachisoni: ambiri ndi mbava, opemphetsa kapena antchito amantha, ndipo Chingerezi chawo chothyoka chimakhala choseketsa owerenga. Ukaseka, umadzifunsa kuti kodi ukuseka nawo kapena ukuwaseka.

Chofooka chachitatu ndicho chidabala funso langa lija. M'bukuli apolisi amazunza anthu powafunsa. Woganiziridwa mlandu amasungidwa usiku wonse, kuopsezedwa ndi kuvutitsidwa mpaka alankhule. McClure sabisa zimenezi, ndipo pamenepo tingamuyamikire kuti sadapake laimu pa khoma long'aluka. Vuto ndi lakuti wazilemba mopepuka, mwanthabwala, ndipo ozunzawo ndi anthu omwe watiphunzitsa kale kuwakonda. Wowerenga umapezeka ukufunitsitsa kuti munthuyo aulule msanga kuti nkhani ipitirire. Wakhala mbali ya chikwapu osadziwa.

Tikumbuke zomwe zinkachitika kunja kwa bukuli. Pa 27 Okutobala 1971, chaka chomwecho cha Gold Dagger, mphunzitsi wa zaka 29, Ahmed Timol, adagwa kuchokera pa nsanjika ya nambala 10 ya polisi ya John Vorster Square ku Johannesburg. Apolisi adati wadziponya yekha, ndipo khoti la nthawiyo lidavomereza. Padatenga zaka 46 kuti mu 2017 khoti lalikulu ku Pretoria ligamule kuti adachita kuphedwa. Mu Seputembala 1977 Steve Biko adafera m'manja mwa apolisi atamenyedwa m'mutu. Zoonadi awo adali apolisi a nthambi ya zachitetezo, pamene Kramer ndi wa nthambi ya milandu ya kupha ndi kuba. Koma yunifolomu idali imodzi, nduna imodzi, zitolokosi zomwezo. McClure adasankha nthambi yomwe ikadamulola kukhala ndi ngwazi ya m'manja moyera pang'ono, ndipo kusankha kumeneko kudamupeputsira ntchito.

Komabe ndisamuweruze mopyola. Akadalemba Kramer ngati chilombo cha nyanga, bukuli likadakhala kapepala ka ndale, ndipo owerenga ake akadakhala okhawo ogwirizana naye kale. Polemba wapolisi wokondeka amene akutumikira zoipa mosadzifunsa, adaonetsa chinthu choopsa kwambiri: kuti ulamuliro wankhanza suyendetsedwa ndi ziwanda, umayendetsedwa ndi anthu anthabwala, olimbikira ntchito, okonda anzawo, omwe madzulo amapita kwawo kukadya. Pomwe ndikumudandaula mpoti m'buku lonseli mulibe ngakhale munthu mmodzi woima nkunena kuti izi nzolakwika. Ntchito yonse yoweruza waisiyira wowerenga. Wowerenga wa maso adzaona. Nanga wongofuna kudziwa kuti wapha ndani?

Chofooka chachinayi ndi cha amayi. Theresa ndiye mwini tsoka lonseli, koma timakumana naye ali kale mtembo, ndipo thupi lake limafotokozedwa ndi maso a amuna omuyang'ana pa tebulo. Mbiri yake timaimva kwa ena. Mtsikana amene adalimba mtima kukana dzina lomwe boma lidamupatsa adayenera kupatsidwa mpata woti timumve yekha, ngakhale kudzera m'kalata. Amayi ena m'bukuli ndi olongolola, amiseche kapena ongodikira mwamuna abwere usiku. Matenda awa si a McClure yekha, ngofala m'mabuku a amuna a zaka zimenezo, koma kufala kwa matenda sikuchiritsa wodwala.

Kwa ana a sukulu ndionjezepo chenjezo laling'ono. Chingerezi chake si cha m'kalasi. Muli mawu a Chiafrikaans ndi Chizulu, muli nthabwala zobisika zomwe mlembi akunena china akutanthauza china. Amene mwazolowera nkhani zowongoka mudzavutika masamba oyambirira. Limbikirani, chifukwa luso lomva chomwe munthu sadanene ndi lomwe mudzalifune pa mayeso ngakhalenso pa moyo.

Tsono chigamulo changa nchotani? Ngati mwambi wongofuna kudziwa wakupha, The Steam Pig ndi lapakatikati. Alipo ambiri oluka bwino kuposa ili. Ngati chithunzi cha momwe tsankho linkalowera m'khitchini, m'chipinda chogona, mpaka m'nyumba ya maliro, ndi buku lamphamvu, ndipo limaphunzitsa zomwe buku la mbiri yakale la kusukulu silingathe, chifukwa limakuonetsa lamulo likugwira munthu mmodzi wokhala ndi dzina. Liwerengeni, koma muliwerenge maso ali tcheru. Pamene mukuseka ndi Kramer, dzifunseni kuti amene ali m'chitolokosi akumva bwanji kuseka kwanuko.

Pa funso langa lija, yankho lomwe ndafikapo ndi ili: wapolisi wodziwa ntchito angapezeke m'boma loipa, ndipo Kramer ndi Zondi ndi otero. Koma kudziwa ntchito ndi kwina, kukhala wabwino ndi kwina. Awiriwa adapeza yemwe adapha Theresa le Roux, koma kaundula yemwe adawononga banja lake adatsala ali chitsegukire pa desiki ya boma, ndipo malipiro awo ankachokera pa desiki yomweyo. Inu amalonda mumadziwa bwino: mlonda akhoza kukhala wokhulupirika kwambiri, koma ngati katundu yemwe akulondera ndi wakuba, kukhulupirika kwakeko kukuthandiza wakubayo.

Ndili ndi pempho kwa achinyamata omwe mumalemba nkhani m'makope anu. Chimene McClure adasiya, mukhoza kuchitola ndinu. Lembani nkhani ya kafukufuku yomwe mwini wake ndi Zondi: wapolisi wa kwathu, wolankhula chilankhulo chathu, yemwe timalowa naye m'nyumba mwake ndi mumtima mwake, yemwe amadziwa kuti chinsinsi cha pamsika chili ndi mayi wogulitsa tomato osati bwana wa muofesi. Mlendo adabwera ndi kalumo kakuthwa, watimeta mbali imodzi. Mbali inayo tidzimete tokha.

Dzana ndidadutsanso pakhonde paja. Mnyamata uja adandizindikira. "Achimwene, nkhumba zija mwayamba kuweta?" Ndidamuuza kuti ayi, koma akapeza lina la mlembi yemweyo andisungire. Akuti ayang'ana m'katoni.